Fodya wa Pachala ndi Kope la Atsibweni

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Amene anapeka mwambiwu ayenera kuti ankakhala cha kuno ku mapiri a Dedza, chifukwa mphepo ya mu Juni pa Kabwazi siodira. Ukatsina fodya n'kuyamba kaye kulonjera anzako, pofika pamphuno chala chili mbee. Komatu agogo aja ankanena za fodya woti wafika kale pachala. Ife a masiku ano tili ndi fodya wina amene akadali m'kompyuta ku Blantyre kapena ku Lilongwe, koma kuno tayamba kale kuyetsemula.

Ndikunena mipikisano. Ndalama za nyemba, soya ndi kachewere zikangoyamba kulowa m'matumba, wailesi imadzaza malonjezo. A TNM anabwera ndi Tikolore wawo, a Airtel ndi Yabooka, a shuga, a zakumwa ndi mabanki nawonso salola kutsalira. Gula mayunitsi, ulowe m'mayere. Sunga ndalama kubanki, ulowe m'mayere. Munthu amatha kulowa mipikisano ingapo asanasukusule n'komwe, ina osadziwa kuti walowa.

Vuto si kulowako ayi. Vuto ndi loti mphoto timayamba kuidya mayere asanachitike. Pitani pabwalo la bawo mukamve. Bambo wina anagawa kale mipando ya galimoto imene sanawine: mayi kutsogolo, ana kumbuyo, apongozi adzakwera pokhapokha tchimo la mbuzi lija litakambidwa. Wina anasiya kukonza denga lodontha poti malata akubwera. Alipo amene anakangana ndi mng'ono wake, mpaka osalankhulana, pa nkhani ya amene azidzayendetsa njinga yamoto pa kabaza kupita ku Thete ndi ku Lobi. Njingayo inapita kwa munthu wina wa kutali amene dzina lake tinangolimva pa wailesi, koma abalewo mpaka lero sanayanjane.

Masamu ake ngosavuta. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 830,000 m'boma la Dedza lokha, ndipo dziko lonse tinalipo oposa 17 miliyoni. Makampani a foni ali ndi makasitomala mamiliyoni. Mphoto yaikulu imakhala imodzi. Wina amawinadi, zimenezo sitikana, ndipo chithunzi chake timachiona atanyamula cheke chachikulu choti sichingalowe pakhomo. Koma kuti winayo akhale iwe, mphepo iyenera kuuluza fodya wa dziko lonse n'kudzamuthira pamphuno yako.

Atsibweni anga, amene kale anali mlembi wa kalabu ya alimi, matenda a mipikisano ali nawo monga tonsefe. Kusiyana kwake n'koti iwo amalemba. Ali ndi kope la sukulu lojambulidwa mizere ndi rula: tsiku, dzina la mpikisano, kampani yake, ndalama zimene alowetsa, tsiku la mayere. Mzere womaliza anaulemba kuti "Zotsatira", ndipo ndi mzere waukhondo kwambiri m'kope lonselo. Makadi okala a mayunitsi ndi malisiti amasunga m'chitini cha mkaka, chimene ana amaletsedwa kuchigwira kuposa mmene amaletsedwera chikwanje.

Anthu ankawaseka, ine ndemwe. Kuseka kunachepa tsiku limene foni yawo inalira tili pakhonde.

"Moni bambo, tikukuyamikirani, mwawina K2 miliyoni! Mungotumiza K20,000 yoyendetsera mapepala."

"Zikomo kwambiri, achimwene. Mpikisano wake uti?"

Munthu uja anatchula dzina. Atsibweni anavala magalasi, ananyowetsa chala ndi malovu, n'kuyamba kutsegula masamba mosapupuluma, wakubayo akudikira pa mayunitsi ake omwe.

"Pepani achimwene, umenewo mulibe m'kope. Mwina wawina ndi mnzanga wina. Koma ngati mukuumirira kuti ndi ine, chotsani K20,000 yanuyo pa mphotopo, yotsalayo munditumizire."

Foni inaduka. Apolisi akhala akunena kuti mafoni ambiri achinyengo oterewa amachokera m'ndende, makamaka ya Zomba. Tangoganizani, munthu woti sangatuluke pageti akukulonjeza galimoto. Manambala a foni tinalembetsa ndi zitupa za unzika mu 2018, koma akathyali sanathe. Iwo amadalira chinthu chimodzi: talowa mipikisano yambiri moti sitikumbukanso kuti talowa uti. Ukauzidwa kuti wawina, mtima umavomera mutu usanafunse. Pomwe mpikisano weniweni umayenera kukhala ndi chilolezo cha bungwe la MAGLA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2022 loona za juga ndi mayere, ndipo sufuna kuti wowina ayambe walipira kapena kutchula nambala yake yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money.

Tsoka la kope ndi loti silisankha womuulula. Tsiku lina akazi awo a atsibweni, omwe ndi msungichuma wa banki mkhonde, analipeza pansi pa pilo. Sanawerenge maina a mipikisano. Anapita molunjika pa mzere wa ndalama n'kuyamba kuwonkhetsa.

"Abambo, K500 yoonjezera sabata iliyonse, pachaka ndi K26,000. Mwawinapo chiyani?"

"Tisheti, mayi."

"Ija yothina ija?"

Tishetiyo amavala ndi mdzukulu. Atsibweni anayesa kufotokoza kuti mayunitsiwo amaimbira ndithu, sanatayike. Mayi anafunsa kuti ankaimbira yani, poti iwo chaka chonse amangolandira mafulashi. Apa mlandu unasintha mutu, ndipo ine ndinakumbukira kuti ndili ndi ntchito kudimba.

Ngakhale wowinayo asamavine msanga. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anali ndi miliyoni yake m'manja anagona ali bwana, podzuka anapeza mitengo ya simenti ndi feteleza ikuthamanga kumusiya. Mphepo ya masiku ano imafika ndi pamphuno pomwe, chinthu chimene agogo aja sanachione.

Sindikuti tileke mipikisano. Moyo wa kumudzi uli ndi zodandaulitsa zokwanira, ndipo kulota galimoto uku ukupalira kachewere sikunaphe munthu. Atsibweni akulowabe, kungoti tsopano mayi anawaikira malire, ndipo kope limayendera limodzi ndi buku la banki mkhonde kukaunikidwa mwezi ukatha. Mayunitsi amagula oti aimbire, mayere n'kungobwera pamwamba. Denga la nyumba yawo anafolera ndi ndalama za nyemba.

Inu amene foni yanu yadzaza mauthenga a mipikisano, gulani kope pagolosale, mujambule mizere, muzilemba tsiku lomwelo musanaiwale. Wina akakuimbirani kuti mwawina, muuzeni adikire mutsegule kaye masamba. Nambala yachinsinsi yokha musalembemo, ndipo ngati kunyumba kuli msungichuma, pansi pa pilo si malo obisapo.