Kodi kukoma kwa gemu kumachongedwa bwanji?

Pepani, ndifunse nawo. Ku Dundee, m'dziko la Scotland, yunivesite ya Abertay inayamba kupereka digiri ya magemu a pakompyuta mu 1997, chaka chomwe kampani ya mumzinda womwewo, DMA Design, inatulutsa gemu ya Grand Theft Auto. Ndiye kuti mwana amapita mpaka ku yunivesite kukaphunzira zomwe kunyumba ankamukalipira nazo?

Akuti ayi, sapitira kusewera, amapitira kupanga. Chabwino. Masamu alipo, kulemba mapulogalamu kulipo, kujambula kulipo. Mayeso a zimenezi ndikuwamvetsa: yankho ndi 12, iwe walemba 15, cholembera chofiira chikudziwa chochita. Koma gemu ntchito yake ndi kukoma. Mphunzitsi amachonga bwanji kukoma? Bawo limene agogo amaiwalira nalo nsima, mdzukulu wawo amaliona ngati chilango. Amene anapeka bawo tingamupatse malikisi angati, ndipo tikafunse agogo kapena mdzukulu?

Ku University of Southern California, a Tracy Fullerton amaphunzitsa kuti gemu iyambe yaseweredwa patebulo, ndi mapepala ndi makadi, kompyuta isanayatsidwe. Kenako amaitana anthu osaidziwa kuti asewere. Mwini gemu amakhala phee pambali, osawathandiza, kumangolemba pamene asokonezeka. Akonze, aitane ena, akonzenso. Njira imeneyi ndaikonda, chifukwa wophunzira sangathawire kunena kuti anthu sanamumvetse. Koma ngati amene akuonetsa kuti gemu yatheka kapena yakanika ndi mlendo uja, bwanji malikisi amapereka ndi mphunzitsi amene wakhala akuiona kuyambira ili pa pepala, mwinanso yamutopetsa kale?

Nkhani ya magulu ndiye yandizunguza mutu. Gemu sapanga munthu mmodzi. Wina alemba mapulogalamu, wina ajambula, wina apeka nyimbo, wina ntchito yake n'kukumbutsa anzake kuti tsiku layandikira. Pomaliza gemu ituluka imodzi. Malikisi agawana bwanji? Akuti aliyense amalemba zomwe wachita sabata ndi sabata, ndipo ophunzira amachongana okhaokha. Zoona? Mnzako amene mumagona chipinda chimodzi, amene anakubwereka ndalama mwezi watha, ungamulembere ziro? Nanga mtsikana amene wajambula zithunzi zogometsa, koma gemu yake sikuyenda chifukwa wa mapulogalamu anadwala, wakhoza kapena walephera? Akuti ku ntchito zimakhalanso choncho. Inde, koma ku ntchito pakutha pa mwezi amalandira. Kuno ndi iye akulipira.

Ku DigiPen, sukulu ya magemu ya ku Redmond m'dziko la America, gulu la ophunzira linapanga kagemu kotchedwa Narbacular Drop mu 2005. A Gabe Newell, mkulu wa kampani ya Valve, atakaona kakuseweredwa analemba ntchito gulu lonselo, ndipo ganizo lawo lija ndilo linabala gemu ya Portal mu 2007. Chinawakopa bwanawo ndi gemu. Ndiye malikisi aja timavutikira kugawa ndi a yani? A makolo? Chinanso, sukulu imeneyi imatenga umwini wa magemu amene ophunzira apanga m'kalasi. Fizi alipire mwana, thukuta likhale lake, katundu akhale wa sukulu. Mwina pali chifukwa chomveka, koma wondifotokozera ayankhule pang'onopang'ono.

Palinso Global Game Jam, imene inayamba mu 2009, pomwe anthu, ambiri a iwo ophunzira, amapanga gemu m'maola 48 okha. Akuti zimawaphunzitsa kusankha msanga ndi kutaya zosafunika. Ndikuvomereza. Komatu makampani a magemu akhala akudzudzulidwa chifukwa chogwiritsa antchito usiku, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, kwa miyezi, gemu ikatsala pang'ono kutuluka. Mu 2004 kampani ya Electronic Arts inachita kutchuka nayo nkhani imeneyi, mpaka inafika kukhoti. Sukulu ikamati ikukonzekeretsa ana ntchito yeniyeni, ikuwaphunzitsa kupirira zimenezi kapena kuzikana?

Inu amene mumaphunzitsa zimenezi, ndiyankheni funso limodzi lokha. Gulu lina lagona mokwanira n'kubweretsa gemu yaing'ono yoyenda bwino. Lina lachezera sabata yonse, maso ali psuu, n'kubweretsa yaikulu yochititsa kaso. Malikisi ambiri mumapatsa liti?