Kodi filimuyo imapita kuti ndikazimitsa?

Inu odziwa zinthu, mundikhululukire ngati mafunso angawa ndi achibwana. Amene ndawafunsa kale za mafilimu a pa intaneti amandiyankha mothamanga, ena amayamba aseka kaye, koma akachoka ndimapeza kuti funso langa likadali pomwepo.

Filimuyo imakhala kuti? Kale zinali zosavuta. Kaseti ya vidiyo unkaigwira m'manja, DVD ikayamba kudumphadumpha unkaipukuta ndi malaya. Ngakhale lero, mnyamata wa pamsika akakuikira mafilimu pa memory card, umadziwa kuti ali m'thumba mwako. Koma za Netflix ndi anzake akuti filimu sikhala mu foni, sikhalanso mu TV. Akuti imakhala m'makompyuta akuluakulu kwinakwake, ndipo imabwera mtizidutswa, kalikonse n'kufika nthawi yomwe maso akukafuna. Poti dziko lathu silinafike kunyanja yamchere, intaneti yathu imadalira mawaya a pansi pa nyanja omwe amatulukira ku Tanzania ndi ku Mozambique, kenaka n'kuyenda pamtunda kudzafika kuno. Ndiye kabwalo kaja kakayamba kuzungulira pakati pa sikirini, munthu wa mufilimu atauma kukamwa kuli yasa, akuti kachidutswa kotsatira kachedwa m'njira. Izi ndinamva. Nanga ndikazimitsa, zomwe ndaonera zija zimapita kuti? Akuti zimangofufutika. Mawa ndikafuna kuonanso, filimu yomweyo inyamukanso ulendo womwewo, ndipo bandulo yanga idyedwanso.

Apa ndiye pomwe mutu wanga umaima. Ndimalipira kampani ya mafilimu mwezi ndi mwezi. Ndimalipiranso kampani ya foni kuti mafilimuwo andipeze. Eni ake a Netflix amanena kuti ola limodzi limatha pafupifupi 1 GB chithunzi chikakhala chapakatikati, ndipo chikakhala chowala bwino limatha mpaka 3 GB. Filimu imodzi ya maola awiri, bandulo yasabata yapita. Kodi ndalama yaikulu ikupita kwa amene anapanga filimu kapena kwa amene waingonyamula? Ndiponso ya mwezi ija imafuna khadi la kubanki lotha kulipira kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, filimu sinasinthe, osewera ndi omwewo, koma mtengo wake kuno unalumpha. Ndikatha kulipira zonsezi, chomwe ndagula n'chiyani?

Mwana wa mlongo wanga anandiuza kuti nditha kutsitsa filimu n'kuisunga mu foni, kuti ndizionera popanda bandulo. Ndinakondwa. Kenaka anawonjezera kuti ndikasiya kulipira ya mwezi, filimuyo itsekeka, ngakhale ikudya malo mu foni yanga yomwe. Ili ngati mbuzi yomwe ili m'khola langa, ikudya msipu wanga, koma chingwe chake wagwira munthu wa ku California.

Akutinso mafilimu amasamuka. Sewero la Friends linali pa Netflix ku America mpaka kumapeto kwa 2019, eni ake n'kulitenga kukaliika pa HBO Max. The Office nalo linachoka mu Januwale 2021 kupita ku Peacock. Disney inatsegula malo ake oonetsera mafilimu pa intaneti mu Novembala 2019, ndipo Showmax inali itayamba kale ku South Africa mu 2015. Munthu wofuna kuona zonse alipire angati? Komanso m'bale wako wa ku Johannesburg kapena ku London amakuimbira kuti usaphonye sewero lakuti, iwe kufufuza, palibe. Kampani ndi yomweyo, koma chilolezo choonetsa filimu akuti chimagulidwa dziko ndi dziko. Ine ndinkayesa kuti pa intaneti palibe chipata cha pamalire.

Chinandiseketsa n'chakuti Netflix yomweyi, itakhazikitsidwa mu 1997, ntchito yake inali kubwereketsa ma DVD kudzera pa positi. Kuonetsa pa intaneti inayamba mu 2007, kuno inafika mu Januwale 2016 pomwe inatsegulidwa m'maiko 130 nthawi imodzi, ndipo maenvelopu a DVD aja inasiya kutumiza mu Seputembala 2023.

Chaka chomwecho cha 2023 inakhwimitsa lamulo loletsa kugawana password ndi anthu osakhala nyumba imodzi. Apanso ndithandizeni. Mwana wanga ali kusukulu ku Zomba, fizi ndimalipira ndine, ufa amadzatenga kuno. Mayi anga ali kumudzi. Kompyuta imayang'ana intaneti yomwe TV yalumikizidwako n'kugamula kuti awa ndi apanyumba, awa ndi akunja. Kodi inafunsa ndani za m'mene ife timakhalira?

Nanga n'chifukwa chiyani gawo lina limayamba lokha ndisanalipemphe? Television Malawi itayamba mu 1999, sewero likatha unkadikira tsiku lake, n'kumakambirana ndi anzako kuntchito kuti mwina zitha bwanji. Mu 2013 Netflix inatulutsa magawo onse 13 a House of Cards tsiku limodzi, ndipo kuyambira pamenepo kudikira kunayamba kuoneka ngati kwachikale. Gawo likatha, timasekondi tochepa, lina lalowa. Ukakhala nthawi yaitali osakhudza rimoti, TV imakufunsa ngati ukuonerabe. Poyamba ndinayesa ulemu. Kenaka ndinamva kuti Reed Hastings, mmodzi wa oyambitsa kampaniyi, ananenapo mu 2017 kuti amapikisana ndi tulo. Kodi tulo tinawalakwira chiyani? Ngati ndimalipira ndalama yofanana kaya ndaonera ola limodzi kaya usiku wonse, iwo amapindulanji ndikagona mochedwa? Akuti woonera kwambiri sasiya kulipira. Mwina n'zoona. Koma amene amasangalala kwenikweni ndikachezera, ndikuganiza kuti ndi wogulitsa bandulo.

Funso lomwe limandivutitsa kuposa onse ndi la filimu ya William Kamkwamba, The Boy Who Harnessed the Wind. Nkhani yake ndi yathu: mnyamata wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, amene anasiya sukulu posowa fizi m'nyengo ya njala ya 2001 ndi 2002, n'kumawerenga mabuku a mulaibulale mpaka anapanga makina a mphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa ndi njinga. Chiwetel Ejiofor ndiye anaitsogolera, iye yemwe n'kusewera ngati bambo a William. Anaijambula konkuno, ndipo mbali yaikulu osewera amayankhula Chichewa, ngakhale kuti china chimamveka kuti lilime lachita kuphunzitsidwa. Inatuluka pa Netflix mu Malichi 2019, anthu a m'maiko ambirimbiri n'kuionera ali pampando kunyumba kwawo.

Tsono munthu wa ku Wimbe amene akufuna kuona mudzi wake pa sikirini achite chiyani? Apeze magetsi, pomwe nkhani ya filimuyo ndi ya kusowa kwa magetsi komweko. Apeze foni kapena TV yodziwa intaneti, netiweki yosadukaduka, bandulo ya maola awiri, ndi khadi la kubanki. Akalephera zonsezi, alowe m'kanyumba ka vidiyo pa tsiku la msika, alipire kandalama kochepa, akhale pabenchi n'kuonera kope lomwe wina anaika pa memory card. Akuti kumeneko ndi kuphwanya lamulo la umwini, ndipo sindikutsutsa, amene anapanga filimu anawononga ndalama zambiri ndipo ayenera kupeza zawo. Ndangofuna mundiuze: agogo amene minda ya kwawo ikuoneka m'filimumo, akafuna kuionera mololedwa, apite kwa ndani, ndipo atenge ndalama zingati?