Kalata ya ku Joni Yofotokoza Chifukwa Chake Bulangete Lachedwa

Kempton Park, South Africa

Kwa Amalume olemekezeka pamodzi ndi mbumba yonse,

Wolemba kalata ino, amene ndi mwana wa mlongo wawo wa Amalume, akudziwitsa onse a pamudzi kuti ali bwino, kungopatula chisanu cha mwezi wa June chimene kuno chimalowa mpaka m'mafupa. Cholinga cha kalatayi ndi kuthetsa mphekesera yakuti mnyamatayu wachepetsa ndalama zotumiza kumudzi chifukwa wapeza mbeta ya ku Soweto, pamene zoona zake n'zakuti malipiro ake ndi madzulo ake onse akuthera pa maphunziro a SATA ndi SAS, ndipo Amalume awatsimikizire agogo kuti mayina awiriwa si a atsikana.

Kuti nkhani imveke kuchokera pa tsinde, kompyuta imasunga zithunzi, makalata ndi mawerengero a ndalama m'kabokosi kotchedwa disiki, ndipo zonsezi zimayenda pakati pa disikiyo ndi kompyuta monga mabiti, pomwe biti ndi kachizindikiro ka magetsi kotanthauza 0 kapena 1, ndipo mabiti 8 amapanga bayiti imodzi. SATA ndi SAS ndi mapurotokolo, kutanthauza malamulo amene mbali ziwirizi zimatsata polankhulana, onena za woyamba kulankhula, liwiro la kalankhulidwe ndi chochita uthenga ukasokonekera m'njira. Injiniya wofuna ntchito m'nyumba zikuluzikulu zosungira maseva, monga za ku Isando pafupi ndi bwalo la ndege la O. R. Tambo, ayenera kuwadziwa malamulowa, pakuti seva ndi kompyuta yotumikira anthu ambirimbiri nthawi imodzi, ndipo madisiki ake akakhala duu, mzere wa pa banki nawo suyenda. Apa pamveke bwino kuti uinjiniya woterewu sukhudza chigayo, choncho cha pamudzi chija chipite kwa amakanika a pa boma monga mwa nthawi zonse.

Kale makompyuta ankagwiritsa ntchito Parallel ATA, njira imene inkatumiza mabiti 16 nthawi imodzi, biti iliyonse pa waya wakewake, kudzera m'lamba wotambalala wa mapini 40. Woganiza mwachangu akhoza kunena kuti kuchuluka kwa mawaya ndiko kuchuluka kwa liwiro, koma zinapezeka kuti liwiro likamakwera, mabiti onyamukira limodzi safikiranso limodzi, ena amatsogola pang'ono, ena amatsalira, moti wolandira amayenera kudikira wochedwetsetsa asanawerenge kanthu. Kuwonjezera apo, mawaya oyandikana amasokonezana, ndipo ngakhale akatswiri anawachulukitsa kufika pa 80 kuti ena akhale otchinga pakati, lambayo sankaloledwa kupitirira masentimita 46 ndipo liwiro linaima pa mamegabayiti 133 pa sekondi.

Serial ATA, imene mwachidule ndi SATA, inayamba kufala m'chaka cha 2003 ndi nzeru ina, yakuti mabiti aziyenda mondondozana pa mzere umodzi, koma mothamanga kwambiri. Nthambo yake, imene imatha kufika mita imodzi, ili ndi mapini 7 okha, 3 otchinga chisokonezo cha magetsi ndi 4 onyamula uthenga, awiri opita ndi awiri obwera. Amakhala awiriawiri chifukwa waya wina amanyamula uthenga, mnzake n'kunyamula womwewo mozondoka, ndipo wolandira amangoyeza kusiyana kwa awiriwo, kotero kuti chisokonezo chimene chagwera onse mofanana chimadzifafaniza chokha. Liwiro linayamba ndi magigabiti 1.5 pa sekondi, linafika pa 3 mu 2004 ndiponso pa 6 mu 2009.

Amalume, amene masamu a fodya sawaphonya ngakhale ndi tambala imodzi, aona kuti magigabiti 6 kuwagawa ndi 8 ayenera kupereka mamegabayiti 750, pomwe mabuku amati 600. Otsalawo sanabedwe ndi munthu. Njira yotchedwa 8b/10b, imene Al Widmer ndi Peter Franaszek a ku IBM anaisindikiza mu 1983, imasandutsa mabiti 8 alionse kukhala 10, n'cholinga chakuti pa waya pasadutse ma 0 kapena ma 1 oposa 5 otsatizana. Izi n'zofunika chifukwa pa nthamboyo palibe waya wa wotchi, ndipo wolandira amadziwa pamene biti yathera poona kusinthasintha kwa mabitiwo, moti akatalikitsa osasintha iye amataya chiwerengero.

Gawo limene lamuwonongera tulo mnyamatayu ndi la mwambo wa kalankhulidwe. Magetsi akangoyaka, kompyuta imatumiza chizindikiro chotchedwa COMRESET, disiki imayankha ndi COMINIT, kenaka zonse ziwiri zimapatsana COMWAKE, ndipo pambuyo pake zimagwirizana liwiro limene zonse zingakwanitse. Wofuna kulankhula amati X_RDY, kusonyeza kuti ali ndi mawu, ndipo sayamba mpaka atamva R_RDY kuchokera kwa mnzake. Uthenga weniweni umamangidwa m'phukusi lotchedwa FIS, lotsegulidwa ndi SOF ndi kutsekedwa ndi EOF, ndipo chakumapeto kwake kumakhala CRC, nambala ya mabiti 32 yowerengedwa kuchokera ku zonse za m'phukusimo. Wolandira amawerenga yakeyake, ndipo ziwirizo zikafanana amati R_OK, zikasiyana amati R_ERR. Onse awiri akapempha kulankhula nthawi imodzi, lamulo limati kompyuta, ngakhale ndiyo yaikulu, ndiyo ikhale chete kuti disiki ilankhule, ndipo mfundo imeneyi yalembedwa pano popanda cholinga chilichonse chokhudza misonkhano ya banja. Palinso chizindikiro cha HOLD, chimene wolandira amatumiza malo ake olandirira akadzaza, ndipo wotumiza amayankha HOLDA n'kuima mosanyinyirika mpaka malo atapezeka.

Madisiki a SATA alinso ndi luso lotchedwa NCQ, limene limalola disiki kulandira zopempha zofika 32 n'kuzichita m'ndondomeko imene yaona kuti isunga nthawi, osati m'mene zinafikira. SAS, imene ndi Serial Attached SCSI, ndiyo ya maseva, ndipo inayamba ndi magigabiti 3 mu 2004 n'kufika pa 12 mu 2013. Disiki yake imakhala ndi makomo awiri kuti njira imodzi ikaduka ina igwirebe ntchito, ndipo makina a SAS amalandira disiki ya SATA, pomwe makina a SATA salandira disiki ya SAS ngakhale munthu atakankha ndi mphamvu zonse za ku dimba. Kunabweranso NVMe mu 2011, yothamanga koposa, koma maphunziro ake ali ndi malipiro akeake ndipo ayamba adikira.

Atalingalira zonsezi, wolemba kalata waona kuti banja lathu likadali pa Parallel ATA, pakuti malipiro akangolowa, mauthenga a pa WhatsApp amanyamuka nthawi imodzi kuchokera kwa mayi, kwa achemwali, kwa asuweni a ku Lunzu ndi kwa ena amene ubale wawo sunadziwikebe, ndipo onsewa amasokonezana m'njira, wina kutchula mtengo wa malata wosiyana ndi wa mnzake. Choncho akupempha modzichepetsa kuti kuyambira mwezi uno zopempha zonse zizidzera pa mzere umodzi, umene ndi Amalume, chimodzi pambuyo pa chinzake, ndipo chilichonse chizibwera ndi mtengo umene Amalume auona okha pa golosale. Zikafika kuno zidzachitidwa mwa NCQ, feteleza poyamba chifukwa mvula siidikira, kenaka fizi ya ana a ku sekondale, ndipo foni ya asuweni ikhala pa nambala 32.

Bulangete la agogo lagulidwa kale ndipo linyamuka pa Park Station ndi wonyamula katundu kumapeto kwa mwezi uno. Pa zina zonse kalata ino ilandiridwe ngati HOLD, ndipo Amalume akupemphedwa kuyankha HOLDA m'malo mwa mbumba yonse.

Mwana wanu womvera,
Wa ku Joni