Batman sapempha ya mafuta

Olemba nkhani za mafilimu ku America akhala akulengeza kwa zaka zingapo kuti dziko lonse latopa ndi ziphona zovala zigoba kumaso ndi nsalu zolendewera kumsana. Umboni wawo ndi ndalama. Avengers: Endgame, ya mu 2019, inatolera madola pafupifupi 2.8 biliyoni, koma The Marvels, ya mu 2023, inangopitirira pang'ono madola 200 miliyoni, ndiye akuti basi, anthu akhuta. Kalembera ameneyu pa Lirangwe sanafike. Pa Lunzu sanaime, pa Kameza sanakhote kuti adzatifunse ife a ku Chileka. Sindikuwaimba mlandu, akanatiwerenga bwanji? Ife timaonera m'kachisakasa ka vidiyo kuseri kwa msika, pabenchi la thabwa limodzi, kapena pa foni ya galasi long'aluka, filimu itachoka pa memore khadi ya mnzathu amene nayenso anakabenetsa kwa mnyamata wa kompyuta. Pa mabiliyoni onsewo palibe tambala yathu ngakhale imodzi. Koma mutatimva pa siteji tikukangana kuti pakati pa Hulk ndi Superman angagwe ndani, mungayese tili ndi masheya ku Disney. Ndipo ine, bambo wa ana, imvi zitayamba kale kusuzumira m'ndevu, ndimakhala mmodzi mwa otupitsa mitsempha ya m'khosi.

Munthu ngati ine ayenera kufunsidwa kuti, kodi chimakusunga maola atatu pa thabwa, feteleza usanagule, n'chiyani? Ambiri amayankha mothamanga kuti ndi mphamvu zodabwitsa. Ine ndikukana, chifukwa mwa mphamvu zonse zili m'mafilimuwa palibe yachilendo kwa munthu wa kuno. Mwana wa ku Chileka amaphunzira kuyenda ndege zikudutsa pamwamba pa denga la amayi ake, ndipo za kuuluka popanda ndege tinazimva kale kwa agogo, kungoti wathu amauluka pa lichero usiku, ndipo akagwa kutacha palibe womuombera m'manja. Lamulo la mu 1911 loletsa kunenera munthu ufiti likadalipo, koma sindikhulupirira kuti Superman atatera pamsika wa Lirangwe dzuwa likuswa mtengo, kabudula wofiira ali pamwamba pa thalauza, anthu angayambe ndi kutsegula buku la malamulo. Za nyonga, kaimeni m'mbali mwa msewu wa M1 mbandakucha muone bambo akukankha njinga ya matumba a makala osanjikizana kuposa msinkhu wake, ulendo wa ku Blantyre, m'mimba muli madzi okha. Captain America anachita kubayidwa jakisoni kuti afike pamenepo. Kubisa nkhope ndiye asatiuze n'komwe. Gule amatuluka kudambwe, kuvina mpaka fumbi koboo, kubwerera, mudzi wonse popanda wotchula dzina la munthu, pamene Spider-Man filimu isanafike pakati wavula kale chigoba kuti chibwenzi chimuone. Thor yekha ndiye akanatchuka kuno, koma kutchuka kwa munthu womveka kuti amatuma mphenzi, komwe kumathera posamutsidwa m'mudzi.

Chodabwitsa chenicheni, chimene maso athu sanachizolowere, n'chakuti anthu amenewa akaitanidwa amabwera. Mkulu wa apolisi mumzinda wa Gotham amangoyatsa nyali yoloza kumitambo, usiku womwewo Batman wafika. Safunsa kuti mafuta agula ndani. Sanena kuti galimoto yapita ndi bwana kumsonkhano, kapena kuti netiweki yagwa mubwere Lolemba, kapena kuti kalata ya amfumu ilibe chidindo. Akamaliza ntchito satsalira pakhomo akukanda m'mutu n'kumati kunjaku kwatentha, ya Fanta ingathandize. Umati ukacheuka wapita kale, ngakhale zikomo osamudikira. Nthano yonse yagona pamenepa. Ife tinabadwira pamzere. Timadikira minibasi imene kondakitala wake akulumbira kuti watsala munthu mmodzi, mkatimo muli dalaivala ndi anzake awiri onamizira kukwera. Timadikira kuchigayo, pamjigo, pawindo limene mwini wake wapita kukadya ndipo wasiya jekete pampando kuti itilondere. Makolo anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ife maso a nkhonoyo tinawaona kalekale, ndi nsidze zake zomwe timazidziwa, koma tikudikirabe. Munthu wotere mukamuonetsa wina amene amafika mfuu isanathe pakamwa, mwamuonetsa chinthu choposa kuuluka.

Wokayika akalowe m'kachisakasa kaja, asayang'ane sikirini, ayang'ane anthu. Nyumba zikamagwa, magalimoto akamaphulika, anyamata amangopitiriza kutafuna nzimbe, zaphulika zambiri. Phokoso limadzuka pamalo amodzi okha, pamene zinthu zafika pothina, adani azungulira, ndiye mwini filimu watulukira. Mu Avengers: Infinity War, ya mu 2018, ndi pomwe Thor akutera pabwalo la nkhondo ku Wakanda, nkhwangwa yatsopano ili m'manja. Mu Endgame ndi pomwe Captain America watsala yekha, chishango chitasweka, kenaka kumbuyo kwake kukutseguka makomo othetheka moto, onse amene mdani Thanos anawasandutsa fumbi aja n'kumatulukira mmodzimmodzi. Anyamata omasulira mafilimuwa m'Chichewa, amene sachedwa kusandutsa New York kukhala Limbe ndi kuyankhulitsa Thanos ngati landilodi wodzatolera lendi, amapadziwa bwino pamenepa. Nthabwala amaziimika kaye, n'kukuwa kuti eni ake afika, benchi n'kugwedezeka. Nkhonya yoyamba imakhala isanaponyedwe n'komwe. Timaombera m'manja kusunga nthawi.

Otsutsa alipo, ena ndi akuluakulu ndithu. Mu 2019 Martin Scorsese, katswiri amene anapanga Taxi Driver ndi Goodfellas, ananena kuti mafilimu a Marvel si sinema yeniyeni, akufanana ndi malo achisangalalo kumene anthu amakakwera makatungwe. Manyuzipepala a kwawoko anaitafuna nkhaniyo miyezi, aliyense wopanga filimu akafunsidwa mafunso ankayamba wauzidwa kuti asankhe mbali. Dandaulo la mkuluyo, pofupikitsa, n'lakuti m'mafilimuwa mulibe choopsa chenicheni, mathero amadziwika asanayambe. Akunena zoona, ndipo ife tinamutsogolera kuzizindikira, paja mwana aliyense pa Lirangwe amadziwa kuti mwini filimu safa, ndipo akafa adzauka m'gawo lachiwiri. Koma bamboyo akuyankhula ngati munthu amene mawa lake ndi lodziwika, wofunika kuchita kukagula mantha ku sinema. Ife zosadziwika timalandira zaulere: mvula ibwera liti, shuga adzuka pa mtengo wanji, malipiro alowa mwezi uno kapena wamawa. Tikapereka kandalama pakhomo la vidiyo timagula katundu wosowa pamsika, nkhani imene wolonjeza amachitadi zimene analonjeza.

Anzanga okonda Africa amati ayi, ife tinakonda Black Panther chifukwa tinadziona tokha. Pang'ono ndimawavomera. Filimu ya Ryan Coogler ya mu 2018 ija inatolera madola opitirira 1.3 biliyoni ili ndi anthu akuda pafupifupi okhaokha, ena akuyankhula Chixhosa, ndipo pakati pa akuluakulu a bwalo la mfumu panakhala Connie Chiume, mayi wa ku South Africa amene bambo ake anali Mmalawi. Ife owerengera chibale mpaka kwa msuweni wa mlamu tinamutenga ngati kazembe wathu ku Wakanda, ndipo atamwalira mu 2024 tinadandaula ngati tinkadyera naye mbale imodzi. Koma tinene zoona za chimene tinkasirira. Stan Lee ndi Jack Kirby anapeka Black Panther mu 1966, chaka chimene dziko lathu linakhala lipabuliki, chomwenso makina oyamba a pa Nkula, kuseri kwathuku pa Shire, anayamba kupukusa magetsi. Wakanda ndi Nkula ndi amsinkhu umodzi. Wa papepalayo sanathimepo ngakhale usiku umodzi. Kwathu kuno namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 anasowa kwa nthawi yopitirira chaka, moti Wakanda Forever, imene inatuluka chaka chomwecho, inatipeza tikudalira jenereta ndi batire la sola. Maso athu sanali pa mikanda ndi zikopa ayi. Anali pa sitima yoyenda pa nthawi yake, ndi pa chipinda cha Shuri, mlongo wa mfumu, m'mene munthu wowomberedwa msana amadzuka mawa lake atachira, osapatsidwa kapepala koti akagule mankhwala ku famase.

Amene amandisowetsa tulo ndi wina, chifukwa ali ndi mfundo. Iye amati mafilimuwa amaphunzitsa ulesi, amatizoloweretsa kukhala pansi, kuyang'ana kumwamba, kudikira mpulumutsi, ndipo zaka zisanu zilizonse wina amabwera pa galimoto ya zimkuzamawu, kutigawira nsalu ya nkhope yake, ife n'kumuyesa Superman. Sindingakane kuti matendawa tili nawo. Chimene ndikukana n'chakuti tinawatenga ku Hollywood, paja tinkavinira atsogoleri vidiyo isanafike pa Lunzu. Komanso anthu okuwa pabenchi omwewa sasokoneza filimu ndi moyo. Mu Malichi 2023, namondwe Freddy atagumulira phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe, palibe anayatsa nyali kuloza kumitambo. Anthu anatenga makasu ndi mafosholo, ena manja okha, kufukula matope kufunafuna anansi awo. M'midzi yathu muno adzukulu amafika kumanda kusanache, amayi amasonkha ufa ndi nkhuni, popanda wowalembera alawansi. Obwera akaitanidwa tili nawo, kungoti ambiri a iwo ntchito yawo imayamba munthu atatsikira kale kuli chete. Filimu imangotionetsa mmene zikanakhalira wina akanafika dzulo lake.

Za oti munthu woonera zobena alibe ufulu wodandaula, ndimaweramitsa mutu, koma osati kwambiri. Jerry Siegel ndi Joe Shuster, anyamata amene anapeka Superman, anamugulitsa mu 1938 pa madola 130, ndipo anakalamba akuyendera makhoti kampani ikuwerenga mamiliyoni. Bill Finger, amene anathandiza kuumba Batman, anamwalira mu 1974 asanavomerezedwe kuti nayenso ndi mwini, dzina lake anayamba kulilemba mu 2015. Mwambo wodyerera ziphonazi sunayambire pa Lirangwe, ife tinangoupeza. Eni makampaniwo sakuonekanso ngati agona ndi njala, poti Disney inagula Marvel mu 2009 pa madola 4 biliyoni. Ngati pali wangongole pakati pathu, ndi iwowo. Iron Man tinamulira mu Endgame, maliro athunthu, amuna akuluakulu tikunamizira utsi wa jenereta. Mu 2024 anangolengeza kuti Robert Downey Jr., amene ankasewera Iron Man, abwereranso, ulendo uno ngati mdani, Doctor Doom. Chipepeso chathu sanabweze.

Mfundo yangayi ndi imenenso imandiuza koima pa mkangano umene umagawa benchi pakati, wa mu Captain America: Civil War, ya mu 2016. Ziphona zitawononga ku Sokovia ndi ku Lagos, maiko 117 anagwirizana kuti kuyambira pamenepo zisamapite kulikonse popanda chilolezo cha komiti ya United Nations. Iron Man anasaina, Captain America anakana. Mwa nzeru zenizeni wolondola ndi Iron Man, pakuti wogumula nyumba za eni ayenera kukhala ndi bwalo lomuzenga, ndipo Hulk akanakhala wa kuno bwenzi mbuzi za kwawo zitathera kwa agulupu. Koma ine ndimaima ndi Captain America, chifukwa komiti ndimaidziwa. Ikanayamba ndi msonkhano wosankha tsiku la msonkhano. Kenaka wekishopu ya masiku atatu kunyanja ku Mangochi, yokambirana ngati Thanos ndi nkhani ya unduna wa zachitetezo kapena ya ofesi yoona za chiwerengero cha anthu. Tsiku loyamba likanathera pa pemphero, kudziwana ndi kukangana za alawansi, Thor atakana kusaina chifukwa ulendo wochokera ku Asgard auwerengera ngati wochokera ku Balaka. Lipoti likanatuluka chaka chotsatira, la masamba 200, lolimbikitsa kuti pachitike kafukufuku wina, theka la oyenera kulisaina litasanduka kale fumbi.