Walira mvula, matope aponda ndani?

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Sananame, koma sanaone nyumba zathu za m'tauni, momwe wolira mvula amakhala wina, woponda matope n'kukhalanso wina.

Mwana waona kagalu m'manja mwa mnyamata wogulitsa m'mbali mwa msewu, kaja amalumbira kuti ndi German Shepherd weniweni, makolo ake ali kumpanda ku Area 10. Kulira kuyambira pomwepo. Malonjezo ake ngati a wandale pa kampeni: "Adadi, ndizikadyetsa ndekha, ndizikasambitsa, ndizikolopa." Bambo, amene mumtima awerengera kale kuti galu ndi wotchipa kusiyana ndi mlonda, atulutsa ndalama uku akudandaula mwachiphamaso.

Sabata yoyamba galu uja, Bruno, agona m'katoni, wofunditsidwa juzi, zithunzi zili pa WhatsApp. Pakutha mwezi makutu a German Shepherd uja akana kuimirira, mchira wapindika, waoneka kuti ndi mbadwa ya konkuno. Mvula yakata, atsala matope: nkhupakupa m'makutu, utitiri pamkeka, nsapato ya kusukulu yotafunidwa, ndi zija amasiya pakhomo penipeni m'bandakucha. Mwini galu ali kuti? Akulemba homuweki. Palibe chimene chimakondetsa mwana homuweki kuposa kuona fosholo.

Ndiye matope agwera mayi, omwe poyamba pomwe anati galu pano ayi. Ndiwo aphika nsima ya gaga, ndiwo awazamo bonya, ndiwo apempha mafupa kubutchala. Galu naye za lisiti sazidziwa, amadziwa dzanja lomwe limamuikira mbale. Mwana aitana mpaka kusasa mawu, Bruno angotsegula diso limodzi. Mayi angogunda chivundikiro cha poto, Bruno wafika kale. Kenako mlandu: "Amama, mwandilanda galu wanga."

Kukalipa apa n'kutaya malovu. Chofunika n'kubweza matope kwa eni ake, malinga ndi msinkhu. Wa zaka 6 sangaphike, koma mbale ya madzi angaidzaze. Wa zaka 10 fosholo imamukhala bwino ndithu. Lamulo likhale limodzi: ayambe galu kudya, mwini wake tiyi pambuyo. Mudzadabwa mmene mutu wa mwana umakumbukirira zinthu phala likamazizira patebulo.

Matope ena ndi a akulu okhaokha. Katemera wa chiwewe si wodikira kuti mwana akumbutse, chifukwa matendawa akangoyamba kuonetsa zizindikiro sachizika, ndipo olumidwa ambiri amakhala ana omwewo. Ku Blantyre a Mission Rabies akhala akubaya agalu katemera waulere kuyambira 2015, kawirikawiri pamabwalo a sukulu za pulaimale. Pamzere pamenepo ogwira zingwe ambiri ndi ana: uyu wamanga wake ndi chitenje, uyu ndi lamba wa bambo ake, winayo akukokedwa ndi galu kulowera kwawo. Tsikulo mukumbukire ndinu, koma chingwe agwire mwana.

Kwatsala tsiku limene aneba adzafike pageti atanyamula nkhuku yawo yopanda mutu.

"Odi kuno! Kodi galuyu ndi wa ndani?"

Mwana adzati ndi wa adadi, ndiwo anagula. Bambo adzati afunseni mayi akewa, ndiwo amamudyetsa. Mayi, osatembenuka n'komwe, adzati iwo ananena kalekale, ndipo chikwama cha bambo chili pa firiji.