Kaunjika Wobwera pa Ndege

Alamu anga amakhala ku Area 25, koma mtima wawo unasamukira ku Paris kalekale. Chiwakwezereni pantchito n'kuwapatsa mpando wozungulira, anasiya kuponda mumsika wa Tsoka. Akuti munthu wa udindo wawo sangamawerame pamulu wa nsapato n'kumafukula ngati nkhuku padzala, mnyamata akukuwa m'khutu kuti belo langotsegulidwa kumene.

"Alamu," anandiuza tikukukuta chimanga chootcha, "ine za kaunjika ndinatsanzikana nazo. Masiku ano ndimagula pa okushoni."

Ine okushoni ndinaidziwira ku Kanengo, kumene amalume ankapita ndi mabelo a fodya n'kubwerako ndi njinga yatsopano kapena ndi mutu waching'alang'ala. Ndinayesa alamu ayamba ulimi. Iwo anangotulutsa foni n'kundionetsa eBay, msika wa pa intaneti womwe unayamba ku America mu 1995. Wogulitsa amaika chithunzi, mtengo woyambira ndi nthawi yotsekera, ogula n'kumakwerana mitengo. Amene ali pamwamba nthawi ikamatha ndiye watenga. Amalume ankalowetsa madola m'dziko muno ndi thukuta la chaka chonse. Alamu anapeza njira yowatulutsira ndi chala chimodzi.

Nsapato yomwe inawaba mtima inali ya Christian Louboutin wa ku Paris, yakuda pamwamba, yofiira psu kunsi kwake. Wogulitsa, wa ku New York, analemba kuti anaivalapo kawiri kokha.

"Ndiye kuti ndi yovalidwa kale?" ndinafunsa.

"Musamayankhule ngati mwangotsika basi lero, alamu. Zovalidwa kale zili ku Tsoka. Iyi yavalidwa ku New York."

Okushoniyo inkatseka 9 koloko usiku ku New York, yomwe kuno mwezi wa Seputembala ndi 3 koloko m'bandakucha. Achemwali anga atadzidzimuka anapeza pabedi pali pilo yekha. Anatuluka mwakachetechete, n'kupeza amuna awo ataima pachulu kuseri kwa bafa kusaka netiweki, nkhope ikuwala ndi foni, akunong'ona kuti, "Ndiwe wanga basi, palibe angandilande." Kukanapanda chithunzi cha nsapato, ankhoswe akanadzutsidwa usiku womwewo.

Tsoka ilo, kutatsala timphindi tochepa, munthu wina amene anali phee sabata yonse anaponya mtengo wake n'kunyamula nsapatoyo. Ndi mmene akadaulo a masewerawa amachitira: amabisala mpaka kumapeto kuti mnzawo asapeze mpata wobwezera. Alamu anali atalengeza kale kuofesi kuti katundu ali m'njira. Anaiwala kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mpaka lero amakhulupirira kuti anawachita chipongwecho ndi mnzawo wowerengera ndalama kuntchito, ndipo anasiya kumupatsa moni.

Itapezeka ina yofanana nayo, alamu sankagulanso nsapato, ankabwezera chipongwe. Wina akakweza pang'ono, iwo ankakweza kawiri. Anapambanadi, pamtengo wa lendi ya miyezi iwiri. Apa m'pamene anakumbukira kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo dola sapezeka ngati bonya. Anapempha msuweni wawo wa ku Leeds kuti alipire, iwo n'kubweza ndalamazo pafoni kwa amayi a msuweniyo ku Dedza, pamtengo wa dola wa mumsewu. Kenako panabwera ndalama yotumizira katundu, kenako msonkho. Yotsalayo inachokera ku banki m'khonde, m'dzina la achemwali, eni ake asakudziwa.

Tsiku lofika katundu anatiitana tonse ngati kwabadwa mwana. Bokosi linatsegulidwa ndi manja awiri. Phazi litalowa theka, linaima. Alamu amavala 9, ndipo wogulitsa analembadi 9, koma 9 ya ku America ndi 8 ya ku Britain yomwe tinazolowera kuno. Ku Tsoka ukanangoyesa n'kuibweza pamulu. Apa pobweza pake panali kutsidya kwa nyanja ya mchere. Anaiphatika nyuzipepala zonyowa masiku atatu, anadzola mafuta kuchidendene, anavala jumbo m'malo mwa sokosi, mpaka phazi linagonja.

Inakaonekera koyamba paukwati wa mwana wa abwana awo, dzuwa la Okutobala lili phwee. Anakwera kabaza atavala mapatapata, nsapato ili m'chikwama, n'kukasinthira kuseri kwa mpanda wa holo. Atalowa anazindikira vuto lomwe sanaliganizirepo: ulemerero wonse wa nsapatoyi uli kunsi, kumene kumaona nyerere zokha. Pamwamba inkangooneka ngati nsapato ya mlaliki wina aliyense. Choncho anakhala pampando wakutsogolo atasanjikiza miyendo, phazi lili m'mwamba ngati munthu woonetsa namwino minga. Nthawi ya perekaniperekani ankavina moponya zidendene kumbuyo ngati bulu wolumidwa ndi mavu.

Khama lawo silinapite pachabe. Azakhali ena a mkwatibwi anaona, n'kuwayandikira mwaulemu.

"Pepani bambo, mwaponda penti. Kapukuteni musanadetse kapeti ya eni ake."

Pobwerera kabaza anasowa, mapatapata anali atawaiwala kuseri kwa mpanda kuja. Anayenda wapansi kuchoka pasiteji mpaka kunyumba, akutsimphina ngati wapsa ndi moto. Nsapato yopangidwira kutsika m'galimoto n'kuponda kapeti inakumana ndi miyala ya msewu wa kwathu. Pofika pakhomo kufiira kwa ku Paris kunali kutatsala m'njira, m'malo mwake mutalowa kufiira kwa katondo, komwe n'kwaulere.

Lolemba tinapita nayo kwa mkulu wosoka nsapato pansi pa mtengo wa mango. Anaitembenuza, anainunkhiza, anaikanda ndi chikhadabo.

"Chikumba chabwino ichi, bwana. Mwaitola kwa mnyamata uti ku Tsoka? Mwezi watha aphunzitsi ena anabwera ndi ina yachikumba chonga chomwechi, akuti anagula mtengo wa thumba la makala."

Alamu anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mango. Mkuluyo anaimata mphira wa tayala kunsi kwake, n'kulonjeza kuti tsopano ipirira ngakhale matope a Januwale. Sananame. Nsapatoyo ikuyenda mpaka lero, kuphazi la mwana wawo wa Fomu 2 amene amavala 8, ndipo amamenyera mpira pa buleki. Ngongole ya banki m'khonde nayo ikuyendabe.

Sabata yatha ndinakumana ndi alamu mumsika wa Tsoka, atavala chipewa chophimba nkhope, atawerama pamulu. Anati akungofufuza mmene mitengo ikuyendera. Inu a m'tauni anzanga, gulani kumene mtima wanu wafuna, ndalama ndi zanu. Koma nsapato imene phazi la munthu wina linatulukamo ndi kaunjika, kaya yabwera m'belo kaya yabwera pa ndege, ndipo ya m'belo amakulola kuyesa.