Pirira aise, ikoma kutsogoloku

Okonda One Piece ali ndi mawu awo amene amangowabwereza chaka ndi chaka, ndipo aliyense powanena amadziona ngati ndiye woyamba kuwatulukira. Katuni ya ku Japan imeneyi inayamba kuonetsedwa mu 1999, inakwanitsa magawo 1,000 mu 2021, koma mikangano yake ndi yomwe ija.

Mnyamata wina anakakamiza mnzake kuti ayambe kuionera. Patatha sabata mnzakeyo anabwera akudandaula.

"Aise, ndafika gawo la 20 koma sindikuonapo chokoma."

"Pirira, ikoma ukafika ku Arlong Park."

Atafika kumeneko anauzidwa kuti wangolawa chabe, adikire Alabasta. Atadutsa Alabasta anamulozera Water 7, kenako Marineford, yomwe ili kuseri kwa gawo la 450. Pano mnzakeyo ali ndi ana awiri, ndipo akupirirabe.

Ndiye pali aja a "buku ndiye labwino". Amanena za manga imene Eiichiro Oda anayamba kujambula mu 1997 m'magazini ya Weekly Shōnen Jump. Wina atafunsidwa kuti wawerenga mpaka mutu uti, anakanda kumutu n'kuti, "Ineyo ayi, koma msuweni wanga amawerenga." Komabe apa ndiwaikire kumbuyo pang'ono. A Toei Animation, opanga katuniyi, ankaikoka dala nkhaniyi kuti katuni isapeze buku, mpaka nkhani ya ku Dressrosa yokha inadya magawo 118. Chibakera chikakwezedwa, timayamba taonetsedwa nkhope ya aliyense amene ali pamalopo, kukamwa kuli yasa, mmodzimmodzi. Mkulu wina amalumbira kuti anasiya Luffy, mwini filimu, atakweza dzanja, n'kukatereka madzi, kuphika nsima, kudya, kusamba m'manja, ndipo pobwera anapeza chibakera chikadali m'njira.

Za Zoro ndi Sanji, anzake a Luffy, ndiye zinadanitsa anthu. Wamphamvu ndani, wa malupanga atatu, lina ataluma ndi mano, kapena wophika uja amene amamenya ndi miyendo posunga manja ake? Anyamata awiri anakangana mpaka ndiwo kuzizira. Mlongo wawo anatopa nazo.

"Achimwene, atumeni onse awiri kumsika. Sanji abwera ndi nsomba. Zoro mukamufunefune chaka chamawa."

Palibe anatsutsa, poti Zoro amasochera ngakhale njira itakhala imodzi.

"Oda anakonzeratu zimenezi." Awa ndiye mawu opatulika. Zoona, namgumi uja Laboon anaoneka kumayambiriro, ndipo patapita zaka zambiri tinadzamva kuti amene ankamudikira ndi gulu lakale la Brook, mnzake wina wa Luffy. Koma kuchokera pamenepo anthu anapenga nazo. Wina anaimitsa filimu, n'kuitana anzake kuti adzaone kadontho kakuda pamphumi pa Shanks, ati ndi chizindikiro cha mmene nkhani idzathere. Ali mkati molongosola, kadonthoko kanauluka. Inali ntchentche.

Wina amakonda kunyoza kuti mu One Piece simufa munthu, ndipo umboni wake ndi Pell, amene anauluka ndi bomba ku Alabasta, bomba n'kuphulika, iye n'kudzatulukira ali moyo. Tsiku limene wonyozayo anaonera imfa ya Ace, mchimwene wake wa Luffy, anapezeka maso ali psuu. Anati ndi utsi wa mbaula. Mbaulayo inali isanayatsidwe.

Nanga aja a "yatsala pang'ono kutha"? Mu 2019 Oda mwiniwake ananena kuti akufuna kuimaliza m'zaka zisanu. Zaka zisanuzo zinakwana, chuma chotchedwa One Piece sichinaoneke. Mkulu wina amene anayamba kuonera ali mnyamata anaitana mdzukulu wake n'kumulangiza kuti, "Iwe, ndikadzapita, tsiku limene adzaulule kuti One Piece n'chiyani udzabwere kumanda udzandiuze."

Mwanayo anaganiza kaye.

"Chabwino agogo, ndidzawauza adzukulu anga adzabwere."